Musanaike Linux pa laputopu ya munthu yambani mwaona hashi ya fayilo, nayi njira yomwe ndimatsata kuno ku Kasungu

Mwezi watha kunabwera aphunzitsi ena ochokera cha ku Santhe atanyamula laputopu yawo yakale mu jumbo, akuti ndiwaikire Linux Mint poti Windows 10 inasiya kulandira ma update pa 14 October 2025 ndipo makina awowo Windows 11 sangaikwanitse. ISO ya Mint, fayilo yaikulu yomwe timaikira Mint pa kompyuta, ndinali nayo, ndinaidawuniloda usiku wa dzulo lake pa bandulo ya usiku, ndiye ndinangoiwotcha pa fulashi nkuyamba kuika. Itafika pakati pokopa mafayilo inangoima nkutulutsa error. Tinayambiranso, pomwepomwepo inaimanso. Aphunzitsiwo maso ali pa wotchi poti amafuna apeze minibasi kusanade, ine thukuta kamukamu kusintha ma port, kukayikira RAM, kukayikira hard disk yawo, mpaka nditakhala pansi nkuona hashi ya ISO ija ndi pomwe ndinapeza kuti sikufanana ndi yomwe eni ake analemba. Fayilo inaonongeka pobwera, netiweki inkadukaduka usiku umenewo, koma ukaiona mu foda imaoneka yabwinobwino. Zinandipweteka chifukwa munthu anataya tsiku lake ndi ndalama ya thiransipoti pa chinthu choti ndikanachiona m'mawa ndi mphindi ziwiri zokha.

Ndiye anzanga okonza makompyuta, oika nyimbo ndi mafilimu, osamalira ma lab a pasukulu, tiyeni ndikuonetseni pang'onopang'ono mmene zimakhalira, komanso pulogalamu iti ndi yabwino pati poti zaulere zilipo zambiri ndipo sizifanana.

Hashi, ena amati checksum, ndi mzere wa manambala ndi zilembo womwe pulogalamu imatulutsa ikawerenga fayilo yonse kuyambira baiti yoyamba mpaka yomaliza. Fayilo ikasintha ngakhale kadontho kamodzi, mzere wonsewo umasinthiratu osati pang'ono ayi, wonse. Amene tinakulira kuperekeza mabelo ku Chinkhoma tikudziwa kuti sikelo yokha siinena zonse, belo litha kukwana makilo ake koma mkati muli fodya wowola kapena zinyalala, nchifukwa chake amaling'amba nkuona mkati. Kukula kwa fayilo kuli ngati sikelo ija. Hashi ndiye ngati munthu watsegula belo nkugwira tsamba lililonse.

Mukafuna kuona ndi maso anu, pa Linux tsegulani terminal, kawindo kolembamo malamulo, mulembe izi:

printf "abc" | sha256sum

Ituluka ba7816bf8f01cfea414140de5dae2223b00361a396177a9cb410ff61f20015ad, ndipo ituluka yomweyi pa kompyuta ina iliyonse padziko, kaya ya ku Mtunthama kaya ya ku Tokyo. Tsopano sinthani c ija ikhale d muone mmene zisokonekere. Gwiritsani printf osati echo, chifukwa echo imaonjezera kamzere kosaoneka kumapeto ndiye hashi imatuluka ina, anthu ambiri amasokonezeka apa.

Choyamba, pezani hashi ya eni ake

Hashi yanu yokha siithandiza, pamafunika yoyerekeza nayo. Linux Mint imaika kafayilo kotchedwa sha256sum.txt pafupi ndi pomwe mukutenga ISO, Ubuntu kake ndi SHA256SUMS. Ndi timafayilo ta ma KB ochepa, sitidya bandulo, ndiye tengani nthawi yomweyo nkuika mu foda imodzi ndi ISO. Mkati muli mizere, mzere uliwonse hashi kumanzere dzina la fayilo kumanja. Onetsetsani kuti dzinalo ndi la fayilo yanu yeniyeni, chifukwa mitundu ya Mint, Cinnamon, MATE ndi Xfce, uliwonse uli ndi hashi yakeyake ndipo version ikasintha hashi imasinthanso.

Mukapatsidwa hashi popanda kuuzidwa mtundu wake, werengani kutalika. Zilembo 8 ndi CRC32, 32 ndi MD5, 40 ndi SHA-1, 64 nthawi zambiri ndi SHA-256, 128 ndi SHA-512. Mukapanga SHA-256 pomwe eni ake anapereka MD5 sizingafanane ngakhale fayilo ikhale yabwino bwanji.

Pa mitunduyi ine ndimaima pa SHA-256. MD5 anaipanga Ronald Rivest mu 1991 ndipo inagwira ntchito zaka zambiri, koma mu 2004 Xiaoyun Wang ndi anzake ku China anaonetsa kuti zimatheka kupeza zinthu ziwiri zosiyana zokhala ndi MD5 imodzi. SHA-1 nayo inagwa mu February 2017 pamene a Google ndi a bungwe la kafukufuku la CWI ku Amsterdam anatulutsa ma PDF awiri osiyana koma SHA-1 yake imodzi. Tanthauzo lake nloti MD5 ndi CRC32 zikhoza kukuuzanibe ngati fayilo yaonongeka mwangozi, magetsi atathima kapena fulashi itazulidwa pakati, koma munthu wofuna kukupusitsani dala sizingamutchinge. Pakakhala mwayi wosankha tengani SHA-256 basi. BLAKE3 yomwe inatuluka mu 2020 imathamanga kwambiri, pulogalamu yake ndi b3sum, koma pa makina athu akalewa chomwe chimachedwa ndi hard disk kapena fulashi osati kuwerengera, komanso eni mafayilo ambiri sapereka BLAKE3, ndiye musavutike nayo pakali pano.

Chachiwiri, ngati muli pa Windows

Apa ndi pomwe ambirife tili ndiye ndichedwapo. Pali zinayi zomwe ndinayesa.

Windows ili ndi zake zobadwa nazo, certutil ndi Get-FileHash. Certutil si open source (pulogalamu yomwe code yake aliyense angaione), koma ndikuitchula chifukwa imapezeka pa makina alionse a Windows opanda kudawuniloda kanthu, ngakhale apa ndikuonetsani Get-FileHash. Lowani mu foda muli ISO, dinani pamwamba pomwe pamalembedwa adiresi ya foda, lembani powershell nkudina Enter, kenako:

Get-FileHash .\dzina-la-fayilo.iso

Yokha imasankha SHA-256. Dzina lisakutopetseni kulemba, lembani zilembo zitatu zoyamba nkudina Tab limalizika lokha. Imatulutsa zilembo zazikulu pomwe za mu sha256sum.txt ndi zazing'ono, musadabwe, A ndi a ndi chimodzi pa hashi. Ndipo kuti musayerekeze ndi maso lembani chonchi:

(Get-FileHash .\dzina-la-fayilo.iso).Hash -eq "pesitani hashi ya eni ake apa"

Ikuyankhani True kapena False, yatha.

Ya open source yomwe ndimauza aliyense woyamba kumene ndi 7-Zip ya Igor Pavlov, chifukwa ambiri muli nayo kale yotsegulira ma zip ndi ma rar koma simudziwa kuti imapanganso hashi. Right click pa fayilo, pezani CRC SHA, mu ma version ena imakhala payokha pomwe ena ili mkati mwa 7-Zip, ndiye sankhani SHA-256. Pa Windows 11 muyambe mwadina Show more options kuti ioneke. Ndi yaing'ono, yosakwana 2 MB. Vuto lake nloti imangokuonetsani mzere uja nkukusiyani, kuyerekeza nkwanu. Ndiye chomwe ndimachita ndi ichi: ndimakopa hashi yatulukayo, kutsegula sha256sum.txt mu Notepad, kudina Ctrl ndi F, kupesita nkusaka. Ikaupeza mzere ndiye kuti zafanana zilembo zonse 64, ikati siikupeza ndiye pali vuto. Chonde musamaone zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza nkumati zatheka, maso amatopa makamaka madzulo, ndipo kompyuta ili pompo yoti ikuwerengereni.

OpenHashTab ndiyo ndinaika pa kompyuta ya pashopu. Mukaiika imaonjezera tab yotchedwa Hashes mu Properties ya fayilo iliyonse, ndiye right click, Properties, Hashes, imawerengera mitundu ingapo nthawi imodzi ndipo pali kabokosi kopesitamo hashi ya eni ake, imakuuzani yokha ngati zafanana. Pa munthu woona mafayilo tsiku lililonse iyi ndiyo yofewa kuposa zonse, ngakhale mnyamata wondithandiza anaidziwa tsiku limodzi. Koma imafuna kuika mu system, ndiye pa laputopu ya kasitomala sindiika, si bwino kusiya zinthu pa makina a eni osapempha.

Yachinayi ndi QuickHash GUI. Iyi siifuna kuika, mumangoiyendetsa kuchokera pa fulashi, ndipo ilipo ya Windows, Linux ndi macOS. Ili ndi ma tab ambiri, wa fayilo imodzi, wa foda yonse, woyerekeza mafayilo awiri, woyerekeza mafoda awiri, ndi wina wa Copy womwe umakopa mafayilo kwinaku ukupanga hashi kochokera ndi kofikira. Poyamba imaoneka yodzadza ndipo munthu amatha kusochera, pa ISO imodzi ndi kunyamula nkhwangwa pokasenda mbatata. Koma tsiku lomwe mukusamutsa mafayilo a ofesi yonse kuchoka pa hard disk yomwe ikudwala, imeneyi ndiyo mungaifune.

Chachitatu, ngati muli pa Linux

Apa zonse zilimo kale, zimabwera ndi GNU coreutils: md5sum, sha1sum, sha256sum, sha512sum, b2sum. Lowani mu foda muli ISO ndi kafayilo ka ma hashi, right click, Open in Terminal, lembani:

sha256sum -c --ignore-missing sha256sum.txt

Ka -c kamatanthauza kuti iwerenge mndandanda nkuyerekeza yokha, ka --ignore-missing nkoti isadandaule za ma ISO ena omwe ali pa mndandanda koma inu mulibe. Dikirani, ISO ya Mint ndi pafupifupi 3 GB ndiye pa hard disk yakale kapena pa fulashi ya USB 2.0 itha kutenga mphindi imodzi kapena ziwiri ili chete, musaitseke poganiza kuti yaima. Ikalemba OK ndiye zili bwino, ikalemba FAILED musawotche. Kwa ine palibe yoposa iyi, siifuna bandulo, siifuna maso anu, ndipo ndi yomweyo pa Ubuntu, Debian, Fedora konsekonse.

Oopa terminal ikani GtkHash ndi sudo apt install gtkhash, mumasankha fayilo, kupesita hashi m'kabokosi ka Check nkudina Hash. Pa Mint yatsopano kuyambira 21.1 mukapanga right click pa ISO pali Verify kale. A Mac lembani shasum -a 256 kenako dzina la fayilo.

Chachinayi, pa foni

Ambirife timadawuniloda pa foni poti bandulo ili mmenemo, kenako nkusamutsira pa kompyuta ndi kebulo. Ndi bwino kuona hashi fayilo ikadali pa foni, kuti mukapeza vuto mudziwe ngati labwera ndi netiweki kapena ndi kebulo. Pa foni ya Android ikani Termux, yomwe ndi terminal ya pa foni, kuchokera ku F-Droid, sitolo ya ma app a open source, itseguleni nkulemba termux-setup-storage, vomerani ikapempha chilolezo, kenako cd storage/downloads, kenako sha256sum ndi dzina la fayilo. Ndi sha256sum yomweyo ya pa Linux, ndiye ka -c kaja kamagwiranso.

Kamodzi mudzaona hashi yoyamba ndi e3b0c44298fc1c14 nkuthera b855. Imeneyo ndi SHA-256 ya fayilo yopanda kanthu, ma baiti 0. Kutanthauza kuti dzina lilipo koma mkati mulibe chilichonse, download sinayambe nkomwe.

Chachisanu, onaninso mukakopera pa fulashi

Apa ndi pomwe timagwa kwambiri. Fayilo itha kukhala yabwino pa kompyuta nkukaonongekera pa fulashi. Mukamaliza kukopa, pangani eject bwinobwino, zulani, bwezeretsani, kenako pangani hashi ya kope ili pa fulashiyo. Kuzulako nkofunika chifukwa mukapanga nthawi yomweyo kompyuta itha kuwerenga zomwe ikukumbukira mu RAM osati zomwe zalembedwadi pa fulashi, ndiye imakupatsani OK wabodza.

Kumbukiraninso kuti fulashi ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ndipo ISO ya Ubuntu 24.04 ya desktop imaposa 5 GB, ndiye ngati mukungoinyamula ngati fayilo fulashiyo ikhale exFAT kapena NTFS.

Nanga mafulashi abodza aja, olembedwa 64 GB pamtengo wokoma koma mkati muli malo ochepa? Amalandira mafayilo osadandaula, mayina amaoneka onse, koma malo enieni akadzadza zotsalazo zimangotayika kapena kufufuta zakale. Mayi wina anandibweretsera ya zithunzi za ukwati wa mwana wake ku Nkhamenya, mafoda onse alipo, koma zithunzi zoposa theka sizimatseguka ndipo wojambula anali atafufuta kale zake. Palibe chomwe ndikanachita, ndipo nkhope ya mayiyo sindiiwala. Fulashi yatsopano iliyonse iyeseni musanaikhulupirire. Pa Linux pali F3, ya open source, sudo apt install f3, kenako f3write ndi adiresi ya fulashi, imadzadza malo onse ndi mafayilo oyesera, kenako f3read imawawerenga nkukuuzani malo abwino ndi angati, otayika ndi angati. Imatenga nthawi, isiyeni ikuyenda mukupanga zina.

Pa mafoda akuluakulu ngati zithunzi, mayeso a pasukulu kapena mabuku a kalabu ya alimi, ndimagwiritsa hashdeep ya Jesse Kornblum. Mutaima pamwamba pa foda yotchedwa zithunzi lembani:

hashdeep -r -l -c sha256 zithunzi > mndandanda.txt

Kopani foda ija pamodzi ndi mndandanda.txt kupita kwinako, mukafika lembani:

hashdeep -r -l -c sha256 -a -vv -k mndandanda.txt zithunzi

Iyankha Audit passed kapena Audit failed. Pomwe imaposera sha256sum mpoti imakuuzaninso ngati mwalowa fayilo yachilendo yomwe panalibe pa mndandanda, ndipo pa mafulashi athu oyenda m'makompyuta khumi pa tsiku nkubwera ndi ma virus a shortcut, zimenezo nzothandiza.

Chachisanu ndi chimodzi, hashi ikapanda kufanana

Musafufute fayilo msanga, bandulo ndi ndalama. Yambani mwaona ngati mtundu wa hashi ndi dzina la fayilo zili zolondola. Ngati zili choncho ndiye fayilo ndi yoonongekadi, koma mutha kuikonza osadawunilodanso ma GB onse. Mint ndi Ubuntu amaperekanso ma ISO awo pa torrent, ndipo torrent imadula fayilo m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse ndi hashi yake. Ikani qBittorrent, nayo ndi ya open source, tengani kafayilo ka torrent ka ISO yomweyo, poitsegula lozani foda momwe muli ISO yoonongekayo, dzina likhale ndendende ngati la eni ake, musayambitse kaye, pangani right click nkusankha Force recheck. Iwerenga zomwe muli nazo nkusunga zabwino, kenako mukaiyambitsa imangotenga tizidutswa toonongekato. Ya aphunzitsi aja recheck inaonetsa kuti pafupifupi yonse inali yabwino, ndinangoonjezera ma MB ochepa nkukhala bwino, kenako sha256sum inalemba OK.

Chomaliza, hashi siinena kuti fayilo yachokera kwa ndani

Ichi ndikufuna muchimvetse. Hashi ikafanana zimatanthauza kuti fayilo yanu ndi yofanana ndi ya munthu amene analemba hashiyo, basi. Mnzanu akakutumizirani Windows yothyola pa WhatsApp pamodzi ndi hashi yake, zifanana ndithu, koma virus ili momwemo. Ndipo ngakhale kwa eni ake zinachitikapo: pa 20 February 2016 akuba analowa pa website ya Linux Mint nkusintha link kuti izilozera ku ISO ya 17.3 Cinnamon yomwe anaikamo khomo lawo lobisika, Clement Lefebvre mtsogoleri wa Mint analengeza yekha. Munthu amene wakwanitsa kusintha link akhozanso kusintha hashi yolembedwa pamalo omwewo.

Nchifukwa chake pali kafayilo kachiwiri kothera .gpg, kwa Mint ndi sha256sum.txt.gpg, kwa Ubuntu ndi SHA256SUMS.gpg. Imeneyi ndi siginecha, ngati chidindo cha amfumu pa kalata, imatsimikiza kuti mndandanda wa ma hashi unalembedwa ndi amene ali ndi kiyi wachinsinsi wa eni ake. Pa Linux GnuPG ilimo kale, pa Windows ikani Gpg4win yomwe imabwera ndi Kleopatra. Muyamba mwalowetsa kiyi wapoyera (public key) wa eni ake, osati wachinsinsi uja, lamulo lake ndi nambala ya kiyiyo zili m'malangizo awo oikira, kenako:

gpg --verify sha256sum.txt.gpg sha256sum.txt

Funani mawu oti Good signature, ndipo onani kuti fingerprint, nambala yozindikirira kiyiyo, yomwe yatuluka pansi ikufanana ndi ya m'malangizo aja. Imatulutsanso chenjezo loti kiyiyo siinatsimikizidwe ndi munthu amene mumamukhulupirira, limenelo limabwera kwa aliyense amene sanasaine kiyiyo yekha, lisakuopseni. Koma ikati BAD signature tayani zonse, ISO ndi mndandanda womwe, mukatengenso kwa eni ake. Kiyi mumalowetsa kamodzi, ulendo wina ndi lamulo limodzi lokhalo, ndipo pa makina omwe adzasunge ma password a banki kapena malipiro a anthu ine sindidumpha gawo limeneli.

Aphunzitsi aja anabweranso Loweruka lotsatira, ulendo uno thiransipoti ndinawabwezera ine. Ndinawaonetsa OK uja pa sikirini tisanayambe, Mint inalowa osakwana theka la ola, ndipo pa fulashi yawo ndinawaikira ISO, sha256sum.txt ndi ya .gpg mu foda imodzi poti akuti kusukulu kwawo kuli ma desktop ena asanu omwe akufuna akaikenso okha.